Massagem, massa ndi mensagem: kumene mawuwa anachokera ndi momwe tingawaphunzitsire

Aphunzitsi a m'makalasi a zinenero ziwiri mumalidziwa vuto ili. Liwu la Chipwitikizi lili m'buku, mwana wafunsa tanthauzo lake, ndipo pakamwa panu pabwera mawu a Chinyanja atatu kapena anayi nthawi imodzi, onse oyandikira, koma palibe limene likukwanira palokha. Limodzi mwa mawu otere ndi massagem. Timalipeza m'nkhani za umoyo, m'malangizo olembedwa pa timabotolo ta mafuta opaka, m'kamwa mwa anamwino, ndiponso m'maphunziro a chithandizo choyamba. M'nkhani ino tiona kumene liwuli linachokera, matanthauzo amene latola m'njira, ndi mawu athu amene amagwira ntchito yake kuno kunyanja. Tionanso malo amodzi pamene kulimasulira molakwika kungatayitse moyo wa munthu.

Ulendo wa liwuli

Chipwitikizi chinabwereka massagem ku Chifalansa, kumene liwuli limalembedwa massage. Chingerezi nachonso chinalitenga komweko m'zaka za m'ma 1800, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. N'chifukwa chake mwana amene ali ndi abale ku Likoma akhoza kubwera m'kalasi akulidziwa kale liwuli m'katchulidwe ka kutsidya, kakuti masaji. M'Chifalansamo, dzina lakuti massage linapangidwa kuchokera ku mneni masser, kutanthauza kukanikiza ndi kutikita thupi ndi manja.

Mneni ameneyu si wakale kwambiri. Olemba madikishonale a Chifalansa amamupeza koyamba m'buku la maulendo la Guillaume Le Gentil, limene linayamba kutuluka mu 1779. Le Gentil anali katswiri wa zakuthambo. Ananyamuka ku France mu 1760 kupita ku India kuti akaone nthanda, imene Azungu amaitcha Venus, ikudutsa pamaso pa dzuwa. Mu 1761 zimenezi zinachitika iye akadali pakati pa nyanja, chombo chikugwedezeka, moti sanathe kuyeza kanthu. Anadikira zaka zisanu ndi zitatu kuti zichitikenso mu 1769. Tsikulo anali ku Pondicherry, zida zake zili chire, koma kumwamba kunachita mitambo. Zimene anapitira sanazione. Komabe analemba zambiri za moyo wa anthu a kumeneko, ndipo pofotokoza mmene ankasamalirira thupi pogwiritsa ntchito manja, anagwiritsa ntchito mneni masser.

Funso n'lakuti, kodi Afalansa apaulendowo analitola kuti liwuli? Akatswiri a mbiri ya mawu ali ndi mayankho atatu.

Loyamba likuloza ku Chiarabu, kumene kuli mneni massa, kutanthauza kukhudza kapena kugwira ndi dzanja. Madikishonale akuluakulu a Chifalansa amakonda yankho limeneli, chifukwa liwuli limayamba kuoneka m'mabuku a anthu amene anayenda m'maiko a kum'mawa, kumene nyumba zosambiramo zinali zotchuka ndipo Chiarabu chinkamveka m'misika ndi m'madoko.

Lachiwiri likuloza ku Chipwitikizi chomwe timaphunzitsachi, ku mneni amassar, kukanda ufa kapena dothi. Yankho limeneli lili ndi pogwira. Vasco da Gama anaima pa Ilha de Moçambique mu 1498 ali pa ulendo wa ku India, Apwitikizi analanda Goa mu 1510, ndipo kwa zaka zambiri Chipwitikizi chinali chinenero cha malonda m'madoko a m'mbali mwa nyanja ya India. Ngakhale madera a Apwitikizi a kuno ku Mozambique ankalamulidwa kuchokera ku Goa mpaka 1752. Mfalansa wofika ku India m'zaka za m'ma 1700 ankamva mawu a Chipwitikizi kwa amalinyero, kwa ophika ndi kwa antchito a m'nyumba. Ngati yankholi ndi loona, ndiye kuti liwuli linachoka m'Chipwitikizi ngati amassar, linakavala zovala zatsopano ku France, n'kubwerera kwawo ngati massagem.

Lachitatu likuloza ku Chigiriki chakale, ku mneni massein, kukanda. Amene amatsutsa yankholi amati liwuli silinayambire m'mabuku a madokotala odziwa Chigiriki, linayambira m'nkhani za apaulendo.

Kwa ife aphunzitsi, chofunika kuona n'chakuti mayankho onse atatu akukumana pa dzanja. Lina likuti dzanja likukhudza, enawo akuti dzanja likukanda.

Banja la massa

Mneni amassar amachokera ku dzina massa, ndipo dzina limeneli ndi limene ana athu amakumana nalo kawirikawiri kuposa massagem. Linachokera ku Chilatini massa, kutanthauza mtanda wa ufa wokanda kapena chibulumwa cha chinthu chilichonse. Chilatini chinalitenga ku Chigiriki maza, mkate wa barele, umene umagwirizana ndi mneni uja massein.

Taonani kuchuluka kwa ntchito zimene massa imagwira m'Chipwitikizi cha masiku ano. Kwa wophika mikate kapena mandasi, massa ndi ufa wokanda. Kwa mmisiri womanga nyumba, massa ndi matope a simenti ndi mchenga omangira njerwa. M'sitolo, massa ndi sipageti ndi zinzake za m'mapaketi. M'madera ambiri a pakati ndi kumpoto kwa dziko lino, munthu akati wadya massa amatanthauza nsima, kaya ya chimanga kaya ya chinangwa. M'phunziro la sayansi, massa ndi kuchuluka kwa zinthu zimene zili m'kanthu, kumene timayeza m'magalamu ndi m'makilogalamu. M'zolankhula za ndale za pambuyo pa ufulu wa 1975, as massas linali khamu la anthu wamba, alimi ndi antchito. M'chinenero cha mumsewu, massa ndi ndalama.

Mwana amene kwawo amadziwa massa ngati nsima, akafika pa funso la sayansi lonena za massa ya mwala, amasokonezeka, ndipo kusokonezeka kwake n'komveka. Kumuuza kuti iyi ndi massa ina, iwalani ya kunyumba, n'kumulanda chinthu chimene akanaponderapo. Njira yabwino ndi kumusonyeza ulusi umene ukumanga matanthauzo onsewa: zinthu zambiri zing'onozing'ono zimene zagwirana n'kukhala chinthu chimodzi. Ufa wagwirana n'kukhala mtanda. Mchenga ndi simenti zagwirana n'kukhala matope omangira. Anthu asonkhana n'kukhala khamu. Mwala nawo ndi tizidutswa togwirana, ndipo sikelo imatiuza kuchuluka kwake. Mwana akaona ulusiwu, liwu limodzi limamutsegulira makomo asanu ndi awiri.

Ofanana nkhope koma osakhala pachibale

Pali liwu lina limene ana amalisokoneza ndi massagem polemba ndi powerenga, lakuti mensagem, uthenga. M'Chingerezi vutoli liliponso, pakuti massage ndi message zimasiyana chilembo chimodzi chokha. Masiku ano a mafoni, pamene aliyense akutumiza meseji, cholakwa chimenechi chimaseketsa anthu tsiku ndi tsiku.

Mawu awiriwa si abale. Mensagem inadzeranso m'Chifalansa, koma muzu wake ndi mneni wa Chilatini mittere, kutuma kapena kutumiza. Abale ake enieni ndi mawu amene anthu a m'mbali mwa nyanja ino akhala nawo kwa zaka zoposa zana. Missão, imene ife timati mishoni, monga ya Anglican ku Messumba kapena ya Katolika kuno ku Cobue, ndi ntchito ya anthu otumidwa. Missa, imene timati misa, inatenga dzina ku mawu a Chilatini omwazira anthu pamapeto pa mapemphero. Ndiye tili ndi mabanja awiri. Ku mbali imodzi kuli massa, amassar ndi argamassa, ndipo massagem yaima pakhomo pawo. Ku mbali ina kuli mensagem, mensageiro, missa ndi missão, onse a kutuma.

Mwana wochenjera akhoza kufunsa ngati masaji ndi masanje ndi liwu limodzi. Yankho ndi lakuti ayi. Masanje ndi liwu lathu lakalekale la masewera a ana ophika ndi kumanga timisasa, ndipo kufanana kwake ndi masaji n'kongochitika. Funso lotere musalikanize, chifukwa limapereka mpata wophunzitsa lamulo lofunika: kumveka mofanana sikokwanira kuti mawu akhale pachibale. Pamafunika kuti matanthauzo agwirizane, komanso pakhale njira yodziwika imene liwulo linadzera. Tikamati nsapato inachokera ku sapato, kalata ku carta, kapitawo ku capitão, makina ku máquina, timatero chifukwa katchulidwe kakugwirizana, tanthauzo likugwirizana, ndipo tikudziwa kuti Apwitikizi anachita malonda m'chigwa cha Zambezi kwa zaka mazana angapo.

Tanthauzo silikhala malo amodzi

Mbiri ya liwu imatiuza kumene lachokera, koma tanthauzo lake la lero limaikidwa ndi anthu amene akuligwiritsa ntchito lero. Chitsanzo chabwino ndi champô, sopo wamadzi wotsukira tsitsi. Liwuli linachokera ku Chihindi champo, kulamula munthu kuti akanikize kapena akande. Linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1760 ndi tanthauzo la kutikita thupi, Chingerezi chisanalandire massage. Sake Dean Mahomed, mbadwa ya ku Patna ku India, anatsegula nyumba yosambiramo mumzinda wa Brighton ku England cha m'ma 1815, kumene odwala nyamakazi ankafukizidwa nthunzi ndi kutikitidwa, ndipo ntchitoyo inkatchedwa shampooing. Patapita zaka makumi angapo, liwulo linasamukira kumutu kokha, kenako linachoka pa ntchito ya manja n'kukhala dzina la sopo wa m'botolo.

Massage nayo inayenda ulendo wake. Mu 1813 Per Henrik Ling anatsegula sukulu ya masewera olimbitsa thupi ndi ochiritsa ku Stockholm, ndipo kuchokera ku ntchito yakeyo kunabwera dzina lakuti massagem sueca. Mayina a Chifalansa a kagwiridwe ka manja, amene ophunzira za fisioterapia amaloweza mpaka lero, amagwirizanitsidwa ndi dokotala wa ku Netherlands, Johann Georg Mezger. Effleurage ndi kusisita mopepuka. Tapotement ndi kumenyamenya pang'onopang'ono ndi zala kapena m'mbali mwa dzanja. Pétrissage imachokera ku mneni pétrir, kukanda ufa wa mkate. Choncho ngakhale liwu loyambalo litakhala la Chiarabu, chithunzi cha munthu wokanda ufa chinabwererabe.

Liwu likhozanso kudetsedwa. Mu 1894 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inadandaula kuti nyumba zina mumzinda wa London zinkabisa uhule kuseri kwa dzina la massage. Pofuna kuteteza ntchito yawo, anamwino anayi anayambitsa bungwe la Society of Trained Masseuses, lokhala ndi mayeso ndi malamulo a khalidwe. Bungwe limenelo ndi limene lero limatchedwa Chartered Society of Physiotherapy. Mthunzi wa tanthauzo lachiwirilo sunachoke m'mizinda ikuluikulu. Mukaona ophunzira okulirapo akugwirana pakamwa liwuli likatchulidwa, musalumphe ndimeyo. Nenani tanthauzo la zaumoyo momveka, perekani chitsanzo cha wodwala amene anafa ziwalo kapena wosewera mpira amene wabinya mwendo, n'kupitiriza phunziro.

Mawu athu

Tsopano tibwere kwathu. Pamene Chipwitikizi chili ndi dzina limodzi, Chinyanja chili ndi aneni angapo, ndipo aliyense ali ndi malire ake.

Kusisita ndi kuyendetsa dzanja pamwamba pa khungu mofatsa, monga mayi amachitira pamsana pa mwana kuti agone. Mphamvu yake ndi yochepa, ndipo m'liwumo muli chikondi ndi kutonthoza.

Kutikita kuli ndi mphamvu. Timatikita chovala pochapa, timatikita maso tulo tikativuta, timatikita minofu ya msodzi amene wachezera kupalasa bwato ndi kukoka chilimira. Mwa aneni onse, ameneyu ndi amene amayandikira kwambiri massagem ya kuchipatala ndi ya pabwalo la mpira.

Kuthowa kumafuna madzi otentha ndi kansalu kapena masamba. Timathowa potupa, timathowa mwendo wobinya, timathowa munthu amene thupi laphwanya. Chipwitikizi chilibe mneni mmodzi wa ntchito imeneyi. Chimayenera kuzungulira n'kunena kuti aplicar compressas quentes.

Kupaka ndi kudzola zimaloza ku mafuta kapena mankhwala amene akuikidwa pakhungu. Dzanja likuyenda ndithu, koma cholinga ndi kufikitsa mafutawo.

Kukanda ndi kukanya timamva pa ufa ndi pa dothi, ndipo kukanda ndi kumenenso timachita poyabwa. Pa Chiswahili, chimene chimamveka tikamalowera kumpoto kumalire a Tanzania, kukanda ndi mneni wa ufa komanso wa thupi, monga momwe amassar ndi pétrir zinachitira ku Ulaya. Anthu otalikirana anaona chinthu chimodzi: dzanja limene likufewetsa ufa ndi lomwelo limene likufewetsa mnofu.

Kuwongola ndi kukoka chiwalo kapena msana kuti zibwerere m'malo. Kukanikiza ndi kudinikiza ndi kutsitsa dzanja ndi mphamvu pamalo amodzi, osaliyendetsa uku ndi uku.

Mndandanda umenewu uli ndi phunziro kwa ana komanso kwa makolo amene amakayikira maphunziro a zinenero ziwiri ponena kuti chinenero chathu chilibe mawu. Pano chinenero chathu ndi chimene chikusiyanitsa zinthu zisanu ndi ziwiri pamene Chipwitikizi chaika zambiri mwa izo m'thumba limodzi. Pa nkhani zina zimatembenuka, Chipwitikizi n'kukhala ndi mawu ambiri. Chinenero chilichonse chimadula nyama yake mosiyana. N'chifukwa chake kufunafuna liwu limodzi la Chinyanja loti liziimira massagem paliponse n'kutaya nthawi. Funso loyenera ndi lakuti: m'chiganizo ichi, dzanja likuchita chiyani, ndi mphamvu yotani, ndipo pofuna chiyani?

Kumbukiraninso kuti Chinyanja cha ku Cobue, ku Ngoo ndi ku Metangula sichifanana m'zonse ndi cha ku Angónia kapena cha pawailesi ya ku Malawi. Ngati agogo a m'mudzi mwanu ali ndi liwu lina la ntchito imodzi mwa izi, liwu lawolo lili ndi malo m'kalasi. Lilembeni pabolodi pambali pa la m'buku.

Pamene kumasulira kumakhudza moyo

Mawu akuti massagem cardíaca amapezeka m'malangizo a chithandizo choyamba. Njira imene akunenayi inatchuka chifukwa cha nkhani imene William Kouwenhoven, James Jude ndi Guy Knickerbocker a ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, anafalitsa mu 1960, yosonyeza kuti munthu amene mtima wake waima akhoza kuthandizidwa pomukanikiza pachifuwa popanda kumung'amba. Dzina lakuti massage linatsalira kuchokera ku njira yakale, pamene dokotala ankatsegula chifuwa n'kumafinya mtima weniweniwo ndi dzanja.

Mphunzitsi amene angatsegule dikishonale n'kumasulira kuti kusisita mtima, kapena kutikita pamtima, waphunzitsa chinthu chimene sichingapulumutse munthu. Mwana womva kusisita adzayendetsa dzanja mofatsa pachifuwa, magazi osayenda. Chimene chimafunika ndi kukanikiza pachifuwa mwamphamvu ndi mofulumira. Malangizo odziwika padziko lonse amati wothandiza aike tsinde la chikhatho pakati pa chifuwa, pa fupa, dzanja lina pamwamba pake, zigongono zowongoka, n'kumakanikiza maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Kwa munthu wamkulu chifuwa chizilowa masentimita 5 kapena 6, ndipo chizisiyidwa kuti chibwerere chisanakanikizidwenso. Akakanikiza maulendo 30, amuuzire mpweya m'kamwa kawiri, n'kuyambiranso. Kwa munthu amene wamira m'madzi, mpweya ndi wofunika kwambiri, moti malangizo amati ayambe ndi kumuuzira mpweya, ndipo asataye nthawi ndi kumufinya pamimba pofuna kutulutsa madzi. Zonsezi zimachitika kwa munthu amene sakuyankha ndiponso sakupuma bwino, wina atathamanga kale kukaitana thandizo.

Ife timakhala m'mbali mwa nyanja. Ana athu amasamba, amachapa ndi kuwedza m'madzi, mabwato amatembenuka mwera ukakalipa, ndipo chipatala chachikulu sichili pafupi. Nkhani ino siingalowe m'malo mwa maphunziro enieni a chithandizo choyamba. Pemphani a zaumoyo a m'dera lanu kuti abwere kudzaonetsa ndi manja. Koma mawu amene adzatsale m'mutu mwa mwana ndi amene inu mwasankha. Sankhani kukanikiza pachifuwa.

Mbali inanso ndi ya malo amene saloledwa kutikita. Malangizo a zaumoyo amaletsa kutikita pamene njoka yaluma, pamene fupa likuoneka kuti lathyoka, ndi katumba amene watupa mwadzidzidzi n'kumatentha ndi kupweteka. Pomasulira chiletso chotere, liwu limodzi silikwanira, chifukwa mwana akamva kuti osasisita akhoza kuganiza kuti kutikita ndi kuwongola n'kololedwa. Tchulani aneni onse: osasisita, osatikita, osafinya, osawongola, pitani naye kuchipatala.

Kachidutswa kakumapeto ndi kalembedwe

Liwuli limatithandizanso kuphunzitsa malamulo atatu a Chipwitikizi.

Loyamba ndi la kachidutswa -agem. Kamagwirizana ndi -age ya Chifalansa, ndipo kamasandutsa mneni kukhala dzina la ntchito. Lavar imabala lavagem, contar imabala contagem, pesar imabala pesagem, parar imabala paragem, secar imabala secagem, monga secagem ya usipa pathandala. Chinyanja chimachita zomwezo m'njira zake ziwiri. Timagwiritsa ntchito ku-, monga kuchapa ndi kuyanika, kapena ka- ndi -idwe tikafuna kunena za mmene ntchito ikuchitikira, monga kachapidwe ndi kayanikidwe. Mwana akaona kuti chinenero chake chili kale ndi makina opangira mayina kuchokera ku aneni, makina a Chipwitikizi sakhalanso achilendo.

Lachiwiri ndi la a ndi o. Pafupifupi mayina onse othera ndi -agem amatenga a: a massagem, a mensagem, a viagem, a aprendizagem. Kwa ana amene chinenero chawo sichigawa mayina kukhala aamuna ndi aakazi, lamulo lodalirika chotere ndi mphatso. Asonyezeninso kuti Chinyanja nachonso chimapatsa liwu lobwereka gulu lake. Máquina ndi chinthu chimodzi m'Chipwitikizi, koma chifukwa choyamba ndi ma-, ife timati makina awa, makina osokera, ngati mmene timanenera madzi awa.

Lachitatu ndi la ss. M'Chinyanja s amamveka chimodzimodzi paliponse. M'Chipwitikizi s mmodzi akakhala pakati pa malembo a mawu awiri amamveka ngati z, monga mu casa ndi mesa. Pofuna kusunga kamvekedwe ka s, amalemba awiri. Mwana wolemba masagem kapena masa sanalakwe chifukwa cha ulesi. Watsata lamulo la kalembedwe ka chinenero chake, limene inu nomwe munamuphunzitsa m'kalasi yoyamba. Muuzeni kuti lamulo lake ndi loona kwawo, koma kutsidya kuli lamulo lina. Mu mensagem s ndi mmodzi chifukwa watsatira n, ndipo pamenepo sasanduka z.

Zoyesa m'kalasi

Kuyambira pa ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene inachitika kuchokera mu 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, mfundo ya maphunziro a zinenero ziwiri yakhala yakuti chimene mwana akudziwa m'chinenero chake chikhale mlatho wopita ku Chipwitikizi. Nazi njira zinayi zogwiritsira ntchito mfundoyi pa mawu takambiranawa. Zonse zimafuna choko ndi bolodi basi.

1. Manja ayambe, mawu atsatire. Tchulani mneni, ana achite pa mkono wawo womwe: sisitani, tikitani, kanikizani, pakani. Kenako inu chitani, iwo atchule. Pomaliza funsani kuti ndi ziti mwa izi zimene Chipwitikizi chimazitcha massagem.

2. Mitengo iwiri. Jambulani mitengo iwiri pabolodi, wina muzu wake massa, wina muzu wake kutuma. Lembani mawu pambali mosakaniza, monga amassar, missa, mensagem, argamassa, missão, mensageiro. Ana aike liwu lililonse pa nthambi yake, n'kufotokoza chifukwa chake m'Chinyanja.

3. Massa iti? Werengani ziganizo zazifupi za Chipwitikizi, china cha mmisiri womanga, china cha mayi wophika, china cha m'buku la sayansi. Ana anene liwu la Chinyanja loyenera pa chiganizo chilichonse.

4. Kafunseni kunyumba. Mwana aliyense akafunse munthu wamkulu mawu amene amagwiritsa ntchito posamalira khanda, mwendo wobinya kapena msana wopweteka. Mawa lake lembani onse pabolodi ndi kukambirana kusiyana kwake.

Ntchito yachinayiyi ili ndi phindu lopitirira kalasi yanu. Madikishonale amene tili nawo analembedwa m'malo ndi nthawi zosiyana. La David Clement Scott la 1892 ndi la Chimang'anja cha ku Blantyre. La Herbert Barnes la 1902 linachokera ku mishoni ya ku Likoma, ndipo ndi limene lili pafupi ndi kalankhulidwe ka m'mbali mwa nyanja ino, koma ndi la zaka zoposa zana zapitazo. Ansembe a Chijezuwiti anatulutsa la Chinyanja ndi Chipwitikizi m'zaka za m'ma 1960, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja unakonzedwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba. Chinyanja chimene ana a ku Cobue akulankhula lero chikudikira olemba ake, ndipo aphunzitsi ndi amene ali pafupi nacho kuposa wina aliyense. Sungani kope limodzi la mawu otere, mulembemo liwu, chiganizo chimene linamvekamo ndi mudzi umene lachokera. Mukadzakumana pa msonkhano wa ZIP, yerekezerani makope anu ndi a anzanu a m'sukulu zoyandikana, ndipo mawu amene mwagwirizana mutitumizire kuti tidzawaike m'kalata yotsatira.